Mano 37 ndi mano 9

Land Cruiser ya amalume inakhala zaka zinayi pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba, kwathu ku Tsangano. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wa dalaivala, kumbuyo kunkasungidwa zitsononkho zokolezera moto. Nditatha chaka ndikuphunzira umakaniko pa galaja ina pa boma la Ntcheu, amalume anandiitanitsa. "Mphwanga, sukulu yakoyo tiionere pa galimoto iyi. Ikadzuka, kachewere wa chaka chamawa sitilipiranso ngolo." Tinaimangirira kumbuyo kwa lole, ine ndili pa chiwongolero, mpaka pa galaja.

Ndi pikapu ya mtundu wa HZJ75, injini yake 1HZ, ya dizilo, masilinda 6, malita 4.2, imene Toyota anayamba kupanga mu 1990. Ilibe kompyuta, ndiye munthu wa masipanala ngati ine amaimva chilankhulo. Ndinakhuthula dizilo wakale m'thanki, amene anali atasanduka ngati thobwa, n'kusintha fyuluta, n'kupopa kapampu ka pamwamba pake mpaka thovu litasiya kutuluka. Ma glow plug awiri, tizitsulo totenthetsa m'masilinda injini isanalire, anali akufa, ndipo ndi kuzizira kwa kwathu kuja mu Juni galimoto yotere singalire m'mawa. Lamba wa timing ndinasintha osafunsa kuti wayenda mtunda wanji, chifukwa akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amakumana ndi mavalavu ndipo maliro ake ndi okwera mtengo. Patatha masabata awiri inalira, utsi uli tolotolo. Ndinajambula kavidiyo n'kutumizira amalume pa WhatsApp, n'kuyamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Madala amene amatiphunzitsa ntchito sanaombe m'manja. Anangoti, "Mtima wagunda, chabwino. Nanga miyendo waiona?"

Ndinali ndisanaione. M'mutu mwanga galimoto inali injini, zina zonse zinali zitsulo zongoperekeza. Miyezi itatu yotsatira ndinaithera chagada pa katoni, dothi likugwera m'maso.

Kutsogolo, kuseri kwa tayala lililonse, kuli chibulumwa chachitsulo ngati chipanda, ndipo m'kati mwake muli joini imene imalola tayala kukoka kwinaku likukhota. Mmenemo mumayenera kukhala girizi wolimba. Ife tinapezamo phala lamadzimadzi, lakuda, likuchucha mpaka ku mabuleki. Madala anandiuza kuti ndilinunkhize. Linkanunkha oyilo wa difu, bokosi la magiya la pa ekiselo limene limagawira mphamvu ku matayala, kusonyeza kuti seal ya m'kati mwa ekiselo inatha ndipo oyilo ankawolokera kwa girizi. Titamasula nati ya pansi pa difu ya kutsogolo, zimene zinatuluka zinali ngati tiyi wa mkaka. Apa ndi pamene ndinaphunzira ntchito ya kachitsulo kakang'ono ka pamwamba pa ekiselo, kamene ndinkakayesa bawuti wamba. Ndi mphuno ya difu. Galimoto ikamayenda difu imatentha, ndiye ikalowa mumtsinje mwadzidzidzi imazizira, mpweya wa m'kati n'kufota, n'kuyamwa madzi kudzera pa mphunoyo kapena pa maseal. Amalume ankawoloka timitsinje ta kumadimba dzinja lililonse, madzi n'kumagona mmenemo. Mano atatu a giya yaikulu ya m'difumo anali atabenthuka, ena onse ali dzimbiri lokhalokha.

Za chasisi sindinena zambiri. Tinapala matope amene anauma m'makona, tinawotcherera pamodzi pamene panadyeka, tinasintha masipuling'i awiri othyoka ndi marabala ake. Ntchito yotopetsa koma yosazunguza mutu.

Imene inandizunguza ndi difu ija. Amalume anagulitsa mbuzi zingapo, ine n'kukwera minibasi wa ku Lilongwe kukasaka yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndinaipeza kwa mkulu wina wogulitsa zitsulo za galimoto zophwasulidwa. Ndinaizunguza ndi dzanja, inali yosalala, mano onse athunthu, mabowo a mabawuti ofanana ndi yathu. "Ya Cruiser imeneyi, achimwene, ingokamangani," anatero. Sananame. Inalidi ya Cruiser, ndipo inalowa bwinobwino ngati inabadwira pomwepo.

Tsiku loyesa linali mu Okutobala, nthaka ili gwa. Tinapatuka pa M1 n'kulowa kamsewu kafumbi. Kandodo kachiwiri ka giya, kosankhira matayala okoka, kali pa H2, matayala akumbuyo okha akukoka, galimoto inkayenda ngati yatsopano. Ndinaima, n'kutsika, n'kupotokola mahabu, timaloko ta pakati pa matayala akutsogolo, kuchoka pa FREE kupita pa LOCK, n'kukokera giya pa H4 kuti matayala onse anayi azikoka. Sitinayende mtunda. Chiwongolero chinalemera, matayala anayamba kukanda pansi kwee kwee, galimoto ikunjanja ngati ng'ombe ziwiri zimene zamangidwa goli limodzi koma sizikugwirizana. Ndikati ndibwezere giya pa H2, inakana, yalimba ngati yawotchereredwa. Thukuta linandituluka. Madala anati, "Usalimbane nayo, uthyola. Bwerera m'mbuyo pang'onopang'ono." Nditabwerera mamita angapo, giya inamasuka yokha.

Pobwerera ku galaja sananditukwane, ndipo bola akananditukwana. Anandipatsa choko. Tinakweza matayala onse akumbuyo pa jeke, n'kulemba mzere pa tayala ndi wina pa shafiti yochokera ku giyabokosi. Ine ndi mnzanga tinazunguza matayala awiriwo limodzi kakhumi, madala akuwerenga shafiti. Inazungulira ka 41 ndi kachidutswa. Tinachita chimodzimodzi kutsogolo, mahabu ali pa LOCK. Inazungulira ka 43.

Usiku umenewo ndinatsegula kope limene ndimalembamo za ntchito. Difu yakumbuyo ya galimoto yathu ili ndi mano 37 pa giya yaikulu ndi mano 9 pa yaing'ono. Mukagawa, mupeza 4.11, kutanthauza kuti shafiti izungulire kanayi ndi pang'ono kuti tayala lizungulire kamodzi. Imene ndinagula ija, titaimasula n'kuwerenga ndi chala, inali ya mano 43 ndi 10, kutanthauza 4.3, imene imapezeka pa ma Cruiser a mtundu wa 79 amene anabwera kuyambira 1999. Ndiye matayala akumbuyo akazungulira ka 100, akutsogolo ankazungulira pafupifupi ka 96. Akumbuyo akukankha, akutsogolo akukana. Galimoto ngati iyi ilibe difu yapakati yoti iyanjanitse mbali ziwirizo. Mukaika H4, shafiti yakutsogolo ndi yakumbuyo zimamangidwa pamodzi, ndipo kusiyana kulikonse kumathera m'matayala kapena m'mano a giya.

Ndinakhala nthawi ndikuyang'ana masamu amenewo. Ndi omwe aja a kugawa ndi kufanizira manambala amene ndinkawathawa ku sekondale, ndikumati munthu wofuna kugwira sipanala alibe nawo ntchito. Mbuzi za amalume zinapita chifukwa sindinawerenge mpaka 43.

Koma kulakwitsako kunanditsegulira zina zimene ndinkangozimva ngati malamulo opanda chifukwa. Madalaivala amati usayende pa phula mahabu ali pa LOCK ndi giya pa H4. Tsopano ndikudziwa kuti pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, ndipo pamatope amaterereka pang'ono n'kupumulitsa zitsulo, pamene pa phula alibe potererekera. Ndi nthenda yomweyo imene ndinaiyambitsa ine pa fumbi louma. Nkhani ya matayala ndi yomweyonso. Kwathu kuno timaika limene tapeza, lalikulu kumbuyo, laling'ono kutsogolo, bola likugwira mpweya. Pa galimoto wamba mumapulumuka nazo, koma pa iyi onse anayi ayenera kukhala a saizi imodzi, athu ndi 7.50R16, ndipo akhale odyeka mofanana.

Wogulitsa uja anakana kubweza ndalama, anavomera kusinthana nditawonjezerapo kangachepe. Ulendo uno ndinapita ndi choko m'thumba, n'kukhala pansi pakati pa zitsulo zake, n'kuwerenga dzino lililonse anthu akundiseka. Mano 41 ndi 10. Nditagawa ndinapeza 4.1, mtima unagundanso, poti si 4.11. Ndinaimbira madala foni. Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana, imeneyo ndiye yake. Kusiyana kumeneko n'kochepa kuposa kwa tayala latsopano ndi lakale. Nyamula uzibwera."

Tinaimanga, tinathira oyilo wa 80W-90 mpaka atayamba kusefukira pa bowo la m'mbali, ndipo pa mphuno za madifu onse awiri ndinavekapo timapaipi n'kutikwezera m'mwamba, kutali ndi madzi. Limeneli linali ganizo langa, ndipo madala atayang'ana anangogwedeza mutu, zimene kwa iwo ndi satifiketi.

Mu Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osaleka, tinaiyesera pa kanjira ka m'munda mwa amalume kotsikira kudimba, kamene ngakhale ngolo imakana. Ndinapotokola mahabu tisanafike pamatope, osati titatitimira kale, ndinaphwetsa matayala pang'ono kuti aponde mokwanira, n'kuika L4. Pa giya imeneyi liwiro limatsika pafupifupi ndi theka, mphamvu n'kuwirikiza. Potsika sindinaponde kilatchi, injini yokha ndi imene inkaigwira. Pokwera tinali ndi matumba khumi ndi awiri a kachewere. Inakwera pang'onopang'ono ngati nkhalamba yodziwa njira, matope akuulukira m'mbali, amalume atagwira chitseko ndi manja awiri. Titafika pamtunda anatsika, n'kuizungulira kawiri, n'kunena kuti, "Mphwanga, handibuleki ija sikugwira."

Sikugwiradi. Tinaika mwala kuseri kwa tayala. Ndailemba pamwamba pa tsamba latsopano m'kope muja, pansi pake magetsi akumbuyo ndi galasi losweka, chifukwa popanda zimenezi a Road Traffic satipatsa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo kachewereyo sangafike nayo pa msika wa Lizulu.