Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Madzulo a ku Narva

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinafika ku Narva, tauni ya kum'mawa kwa Estonia, m'chaka cha 2021, n'kupeza chipinda cha lendi kwa mayi wachikulire amene ndinkangowatchula kuti agogo. Ukasuzumira pawindo la khitchini yawo unkaona mtsinje wa Narva, ndipo tsidya lake ndi tauni ya Ivangorod, m'dziko la Russia. Pafupifupi anthu onse a m'tauniyi amalankhula Chirasha pakhomo, ndipo agogowo, amene anakalambira pa fakitale ya nsalu ya Kreenholm isanatsekedwe mu 2010, Chiesitoniya ankangodziwako moni.

Dzuwa likalowa ankathira tiyi, n'kuika jamu m'kambale, kenako n'kutsegula wailesi yakanema ya boma la Russia ya RTR Planeta. Poyamba kunkabwera sewero ndi nyimbo za pa utsikana wawo, ndipo nkhani zinkalowa mtima utafewa kale, zonena kuti olankhula Chirasha akuzunzidwa ku Ukraine ndi kumaiko a Baltic (Estonia, Latvia ndi Lithuania). Ine ndinakula ndi MBC yokha m'nthawi ya Kamuzu, choncho ndikudziwa mmene mawu omwe ukuwamva tsiku ndi tsiku amakhazikikira m'mutu popanda wokukakamiza.

Russia italowerera Ukraine pa 24 February 2022, boma la Estonia linaletsa mawailesi akanema a ku Russia a RTR Planeta, NTV Mir ndi Rossiya 24. Sabata isanathe, mdzukulu wawo anakhoma eriyo pakhonde, popeza kuchokera tsidya lija mawailesi amafika mosavuta. Agogowo ndinawasonyeza ETV+, wailesi ya Chirasha imene Estonia inatsegula mu 2015, koma anangoonera pang'ono n'kundiuza kuti, "Mwanawe, awa akulankhula chinenero changa, koma sakucheza ndi ine." Mawu amenewo anandikhala pamtima, chifukwa ndinazindikira kuti chimene chinawamangirira ku Moscow sichinali bodza lokha ayi, koma kusungulumwa kwa munthu amene dziko linasintha iye ali pomwepo. Komabe sindinasiye kutsutsana nawo za mabomba a ku Mariupol, mzinda wa ku Ukraine, ngakhale kuti tsiku lina tinagona osatsanzikana.

Mu August chaka chomwecho boma linachotsa kasinja wa T-34 amene anali chikumbutso cha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse m'mbali mwa mtsinje, pomwe agogo ankaika maluwa pa 9 May, tsiku limene anthu a ku Russia amakumbukira kutha kwa nkhondoyo, pokumbukira bambo awo. Madzulo ake sanathire tiyi. Anakhala phee patsogolo pa wailesi ija, mpango uli m'manja, akugwedeza mutu povomereza chilichonse chimene wowerenga nkhani wa ku Moscow ankanena.