Kuchoka ku Harare Lachisanu, kukadya camarão ku Beira, Lolemba kubwerera pa ntchito

Kwa ife odzipereka amene tikugwira ntchito muno mu Harare, nyanja yamchere yapafupi ili ku Beira, m'dziko la Mozambique. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 550, ndipo ulendo wa masiku atatu umatheka ngati nthawi mwaiwerengera bwino.

Ine ndimayamba ndi mapepala Lachitatu. Pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Wa pasipoti ya Malawi kapena ya Zimbabwe salipira viza pa ulendo waufupi ngati uwu, koma mnzanu wochokera kutali ayambe wafufuza za dziko lake. Chimene ambiri amaiwala ndi chilolezo chokhalira mu Zimbabwe: onani ngati chikukulolani kutuluka n'kulowanso, chifukwa vuto lake limaonekera pobwerera, Lamulungu madzulo, mutatopa kale.

Lachisanu ndimafuna tonse tikhale titakwera basi ya ku Mutare ku Mbare Musika kusanache. Imadutsa Marondera ndi Rusape, n'kutsika Christmas Pass patatha maola anayi kapena kuposerapo. Chipata cha m'malire cha Forbes chili pafupi ndi tauni ya Mutare. Mbali ya Mozambique amati Machipanda. Musaope mzere wa malole, oyenda pansi ali ndi njira yawo. Mukadinditsa, yang'anani chidindocho musanachoke pa windo, masiku amene akupatsani alembedwe bwino. Mukawoloka mumakwera chapa, minibasi ya kumeneko, mpaka ku Chimoio, kenako ina yodutsa Inchope ndi Dondo pa msewu wa EN6. Chapa siinyamuka isanadzaze. N'chifukwa chake kuchedwa ola limodzi ku Mbare kumasanduka kufika ku Beira usiku. Ngati mwatenga galimoto, mufunika chilolezo choilowetsera, inshuwalansi ya ku Mozambique, ma triangle awiri ndi jekete yowala, ndipo apolisi a pamsewu amazifunsa ndithu.

Madola athu a ku America othothoka aja, amene ku Harare timagulira buledi, kumeneko ambiri amawakana. Tengani atsopano, musinthe kukhala meticais ku banki kapena ku bureau, osati kwa anyamata a pa chipata amene amawerenga mothamanga.

Loweruka ndiye tsiku lenileni. Malo ogona ndimasankha a ku Macuti okhala ndi khitchini ndi neti ya udzudzu. Gombe lake lili ndi nsanja yakale ya nyale yolondolera zombo, ndipo madzi ake ndi ofiirira chifukwa cha matope a mtsinje wa Pungwe. Si Mangochi ayi. Pano nyanja imaphwa ndi kudzadza kawiri pa tsiku, ndipo kusiyana kwake kumafika mamita angapo. Mukafika itaphwa mupeza mchenga ndi matope mpaka kutali. Ikamabwerera imathamanga kuposa mmene mukuganizira. Funsani asodzi nthawi ya madzi, musambe pamene eni dera akusamba, matumba muike kumtunda.

Camarão, amene ena amati ma prawns, ndimagula m'mawa. Wabwino amakhala wolimba, mutu wosalekana ndi thupi, wosada m'khosi, fungo lake la nyanja basi. Kwa anthu asanu ndi mmodzi makilo awiri akwana. Ng'ambani msana ndi mpeni, mutulutse kamtsempha kakuda, apo ayi mudzatafuna mchenga. Sinjani adyo mutu umodzi, tsabola wa piripiri, mchere, mandimu anayi ndi mafuta theka la kapu. Viikani mphindi 30 zokha, chifukwa ndimu ikakhalitsa imayamba kupsereza mnofu ndipo umauma. Makala ayambe ayera phulusa, ndiye muwotche mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse. Akafiira n'kupindika pang'ono, chotsani. Akapindika mpaka mchira kukhudza mutu, mwapsereza.

Ndiwo yachiwiri ndi matapa, amene ndi chigwada chathu chomwe chija, koma chotendera nsinjiro ndi mkaka wa kokonati. Masamba a chinangwa asinjidwe bwino ndipo awire ola lathunthu musanathire kokonati, poti osapsa amawawa ndipo ali ndi ululu. Ufa wa nsima ulipo paliponse, iwo amati xima. Pamsika mukalankhula Chichewa pang'onopang'ono, amayi olankhula Chisena amamva zambiri, ndipo Chishona chanu chimathandiza kwa Andau. Moni woyamba ukhale “bom dia, mamã”, mtengo pambuyo.

Lamulungu ndimadzutsa anthu 5 koloko, palibe za kusambira komaliza. Mukabwerera, wina akayamba kutentha thupi kapena litsipa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, akayezetse malungo tsiku lomwelo ndipo anene kuti anali ku Beira. Harare ili pamtunda, malungo ndi ochepa, ndiye achipatala angayambe aganiza za chimfine.