Sabata yolondola ndalama za CDF

Sabata ino dzina langa silinaoneke m'nyuzi ngakhale kamodzi, koma thukuta ndiye ndakhetsa. Ndikulondola ndalama za CDF, thumba la boma la Zambia la chitukuko cha m'madera a aphungu, m'dera lina kunja kwa Lusaka. Chiyambireni 2022, pamene boma linakweza thumba limeneli kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, makontirakiti achuluka, akathyali nawonso achuluka.

Lolemba ndinakaona chipinda cha sukulu chimene pa pepala chinatha kalekale. Makoma analekera pa mawindo, mulu wa mchenga wamera udzu. Chowala ndi chikwangwani chokha, dzina la kampani lolembedwa ndi penti watsopano.

Dzinalo ndinapita nalo ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa makampani ku Longacres, komwe ukalipira kandalama kochepa amakuonetsa eni ake a kampani. Mmodzi wa iwo dzina la makolo likufanana ndi la mkulu wina wa m'komiti yosankha ntchitozo. Mtolankhani wongoyamba kumene akanathamangira pa Facebook pomwepo. Koma kuno a Phiri ndi a Banda ali pa khomo lililonse, ndipo woweruza sangamvere zoti mayina akufanana.

Lachitatu ndinakumana ndi bambo wina wachikulire amene mafayelo a malipiro amadutsa m'manja mwake. Pa foni anakaniratu. Malamulo atsopano a za intaneti atasainidwa mu 2025, anthu ngati iwowa WhatsApp akuiopa kwambiri. Tinakhala pa kanyumba kogulitsa nsima ku Kamwala, pakona pafupi ndi mbaula.

"Mwana wanga, yamba wazimitsa foniyo," anatero asanasambe n'komwe m'manja.

"Ndazimitsa kale, atate."

Anatulutsa buku la nyimbo za kutchalitchi. M'kati munali pepala lopindidwa kanayi, fotokope ya vocha yosonyeza kuti kampani ija inalipidwa ndalama zonse, chidindo ndi siginecha zili poyera. Nsima yawo inazizira m'mbale, maso ali pakhomo.

Zotsalazo kunali kudikira basi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma a Pulezidenti Hakainde Hichilema analisaina mu December 2023, koma kalata yanga ya mafunso ikadali pa desiki la munthu wina, ndipo tsiku lililonse akuti abwana ali ku msonkhano. Lachinayi madzulo wina anaimba, wa mawu aulemu kwabasi, kufunsa ngati ndingadutse kukatenga ka blalizo (kandalama konyengerera mtolankhani) ka mafuta a galimoto. Ndinamuuza kuti ndimakwera basi. Nambala yake ndi nthawi imene anaimba ndinazilemba.

Lachisanu akonzi anawerenga zonse, loya wathu ali pambali. Akonziwo anaona nyuzi ya The Post ikutsekedwa mu 2016, choncho sapupuluma. Akufuna munthu wachiwiri wotsimikizira vocha ija, komanso umboni weniweni wa chibale cha anthu awiri aja. Mumtima ndinanyinyirika, koma sakunama. Akampani tawapatsa mpaka Lachiwiri masana kuti ayankhe.