Tsiku la 19: tiana ta koi tayamba kudyana

M'mawa uno ndapeza kamodzi katameza kanzake, mchira wokha ukuonekera kukamwa. Ndiye ndati ndilembe pomwe ndafika.

Kwa amene simunaone zolemba zanga zam'mbuyomu, ndili ndi dziwe laling'ono kuseri kwa nyumba kuno ku Johannesburg, muli nsomba za koi: yaikazi imodzi ya mtundu wa Kohaku (yoyera ya mawanga ofiira) ndi zazimuna ziwiri. Kumayambiriro kwa Okutobala madzi atafunda kufika madigiri 20, zazimuna zinamera timatuza toyera m'masaya ndi pa zipsepse zakutsogolo, ukazigwira kukhakhala ngati sandipepa, chizindikiro choti zakonzeka kuswana. Ndinaponyamo zingwe za nayiloni zomasula zoti yaikazi iikirepo mazira. Patapita masiku anayi, mbandakucha, ndinadzidzimuka ndi phokoso: zikuthamangitsana, kukankhira yaikazi kukhoma, madzi thovu lokhalokha, fungo losaneneka. Pofika 9 koloko zingwe zinali zitamatirira mazira. Ndinazisamutsira m'thanki ina msangamsanga, chifukwa koi siidziwa mwana, imadya mazira ake omwe.

Anaswa patatha masiku anayi. Masiku awiri oyamba tianato tinangokakamira m'mbali osadya, kenako ndinayamba kutipatsa chikasu cha dzira lowiritsa chosungunula m'madzi. Ndinachulutsa, madzi anaipa, tambiri tinafa. Usiku wina magetsi anazimanso, pampu ya mpweya n'kuima. Pano ndinagula ya batire.

Tsopano nkhani ya lero. Pa tiana tobadwa tsiku limodzi, tina timakula mothamanga, alimi a ku Japan amatitcha tobi. Timeneti ndi tomwe tikudya tinzake, ndipo kawirikawiri mtundu wake sukhala wokongola. Ndatulutsa 14, tili mu bafa patokha.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi kusankha. Yaikazi yaikulu imaikira mazira opitirira 100,000, ndipo kwawo kwa nsombazi, ku Ojiya ndi Yamakoshi m'chigawo cha Niigata, kumene alimi a mpunga anayamba kupatula za mawanga zaka za m'ma 1800, amasunga tochepa kwambiri. Pa Kohaku amachotsa toyera thupi lonse, tofiira thupi lonse, ndi topindika msana, n'kusiya tomwe kufiira kwakhala pamwamba pa kuyera mooneka bwino. Kuwerenga n'kosavuta. Koma uli ndi kasefa m'manja, kakukuyang'ana kanthu komwe wakadzukira usiku, mtima umakana. Komabe thanki yanga singasunge tonse, ndikatisiya tipinimbira limodzi.

Mlamu wanga wapempha kuti totsalato ndidzapite nato kumudzi pa Khirisimasi. Ndamukanira. Koi ndi mtundu wa nsomba yotchedwa kapu (carp), ndipo boma la Malawi linaletsa kuweta kapu poopa kuti ingalowe m'nyanja n'kusokoneza chambo, poti imafukula matope posaka chakudya.

Kusankha koyamba ndikuika sabata yachisanu, mitundu ikayamba kuoneka. Mawa ndisintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi, ndiyesenso chakudya chaufa.