Sabata yachisanu yophunzira kuthamanga: mamita 10 oyambirira, tayala ndi msongolo

Sabata ino wotchi ya m'manja yabwezedwa m'chikwama. Pa mamita 10 imanama. Wogwira wotchi amachedwa kudina wothamanga akanyamuka, kenako amafulumira kudina akamayandikira mzere. N'chifukwa chake pa mpikisano wa mamita 100 nthawi ya pamanja amaiwonjezera masekondi 0.24 kuti ifanane ndi ya makina. Kusintha komwe timakufuna pa mamita 10 n'kochepa kuposa pamenepo.

Tikuyezera foni yojambula zithunzi 240 pa sekondi. Ikhale pa mpando, mamita 12 kumbali kwa njira, moyang'anizana ndi mita yachisanu, ndipo pa mita ya 10 pazikidwe ndodo. Yambani kuwerenga zithunzi pamene dzanja la wothamanga lachoka pansi, lekani chifuwa chikafika pa ndodo, gawani ndi 240. Zithunzi 456 ndi masekondi 1.90. Pamene paima mpando pathiridwe phulusa, chifukwa mukausuntha, nthawi za masabata awiri sizingayerekezedwenso. Chimodzimodzi nsapato, mphepo ndi nthaka: nthawi ya pa bwalo la fumbi la pasukulu musaiike pamodzi ndi ya pa njira yothamangira ya ku Bingu National Stadium.

Koma fumbi lili ndi ubwino wake womwe njira yamakonoyo ilibe. Sesani ndi tsache mamita 15, wothamanga adutse, mutenge tepi n'kuyeza mapondedwe ake. Sitepe iliyonse iyenera kutalika kuposa yam'mbuyo. Mukapeza yachitatu ndi yachinayi zikufanana, kapena yachinayi yafupika, ndiye kuti munthuyo wasiya kukankha, wayamba kungopondaponda mofulumira. Mapazi akatayikira kumbali ngati bakha, mphamvu ikupita kunja kwa njira.

Vuto lomwe laoneka kwambiri m'kanema wa sabata ino ndi kudzuka msanga. Pofika sitepe yachitatu mutu uli kale m'mwamba, phazi likutera kutsogolo kwa chiuno, ndipo likatera pamenepo limagwira buleki. Imitsani kanemayo pamene phazi lakhudza pansi, muyang'ane msongolo. Pa masitepe oyambirira uyenera kupendekera kutsogolo, bondo lili patsogolo pa zala. Ukaima chilili, mphamvu ikukwera m'mwamba.

Apa makochi ambiri amakuwa kuti "werama!" Mawu amenewa amaononga. Mwana amapinda m'chiuno, matako kumbuyo, mutu pansi, miyendo ili chiimire. Kupendekera kwenikweni kumabwera kokha munthu akakankha mwamphamvu, thupi n'kukhala mzere umodzi kuyambira kumutu mpaka ku chidendene cha mwendo wam'mbuyo. Mawu omwe akugwira ntchito ndi akuti "kankha nthaka kumbuyo". Pa masitepe oyamba phazi limakhala pansi pafupifupi masekondi 0.2, pamene pa liwiro lonse limakhala pafupifupi 0.1, choncho kuchedwa pansiko si cholakwika. Ngakhale Usain Bolt, pothamanga 9.58 ku Berlin mu 2009, liwiro lake lalikulu analifika pakati pa mamita 60 ndi 80.

Mankhwala ake ndi tayala. Tayala lakutha la galimoto yaing'ono, chingwe cha mamita 3 kapena 4, lamba wa m'chiuno. Oyamba kumene ayambe ndi katundu wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwawo: munthu wa makilogalamu 60 akoke 6. Komabe sikelo isakunamizeni, popeza tayala lomwelo limalemera mosiyana pa udzu, pa fumbi ndi pa nthaka yonyowa. Foni ndiyo iweruze. Wa 1.90 akafika cha m'ma 2.10 mpaka 2.30 ali ndi tayala, zili bwino. Akayamba kugwedeza mapewa uku ndi uku, chotsani miyala yomwe munaikamo. Chingwe chachifupi chimachititsa tayala kudumpha n'kumumenya zidendene.

Lolemba ndi Lachinayi ndondomeko ili motere. Kutenthetsa thupi mphindi 15. Kutsamira khoma ndi manja, kusinthanitsa miyendo mwachangu, katatu kasanukasanu. Kukoka tayala mamita 15 kanayi, kenako mamita 20 kanayi opanda tayala, kunyamuka dzanja limodzi lili pansi. Kupuma ndi mphindi imodzi pa mamita 10 alionse, ndiye mamita 20 ndi mphindi ziwiri zathunthu. Anyamata a mpira amadana nako kuima kumeneku, amati thukuta likuuma. Asiyeni adandaule. Wothamanga ali wefuwefu akuphunzira kupirira, osati kunyamuka. Liwiro likatsika kawiri motsatizana, tsikulo latha, ngakhale pepala likunena kuti kwatsala kuwiri.

Wina akamva kukoka kumbuyo kwa ntchafu, asathamangenso tsiku limenelo.

Sabata yamawa tiyamba kunyamukira pa mabuloko, zopondera zomwe mapazi amakankha ponyamuka, kwa okhawo amene mapondedwe awo akutalika motsatana mpaka sitepe yachisanu ndi chiwiri. Buloko yakutsogolo mapazi awiri kuchokera pa mzere, yam'mbuyo mapazi atatu, bondo lakutsogolo madigiri 90 akadzutsa chiuno. Otsalawo apitiriza ndi tayala, ndipo tidzasesanso bwalo Lachinayi.