Chisanu chawaula timitengo ta amalume

Lero kwacha ndi kuzizira koopsa kuno ku Harare, udzu unali mbuu. Cha m'ma 7 koloko foni ya amalume aku Dzivarasekwa, akuti mphwanga tabwera udzaone timitengo tanga tapsa. Basi ndakwera kombi ulendo.

Nyumba yawo ili kumunsi pafupi ndi dambo, ndiye usiku mpweya wozizira umatsetserekera komweko nkukhazikika, June ndi July chisanu sichiphonya. Anagula mbande m'mbali mwa msewu wogulitsa nkuwauza kuti zonse ndi jakaranda, koma nditayang'anitsitsa zina ndi flamboyant, mtengo wamaluwa ofiira uja umakongoletsa Blakiston Street mu November. Ikakhala yaing'ono imafananadi, yonse masamba ngati nthenga. Ndawaonetsa kuti amalume taonani apa, jakaranda masamba ake amatuluka awiriawiri moyang'anizana ndipo timasamba take nsonga ndi zosongoka, pomwe flamboyant amatuluka mosinthana, kuno limodzi uko limodzi, nsonga zake zobulungira. Ikakula ndiye simungasokoneze, flamboyant makoko ake ndi aataliatali mpaka masentimita 50, a jakaranda ndi ozungulira aphwatalala.

Flamboyant kwawo ndi ku Madagascar kotentha, chisanu pang'ono chabe yagonja. Jakaranda inachokera ku Argentina ndi Bolivia, ikakhwima imapirirako, nchifukwa chake mu October tauni yonse imachita pepo, koma ili yanthete nayonso imawauka kunsonga.

Amalume anali atatenga kale chikwanje ati adule zopsazo, ndawaletsa. Nthambi zoumazo ndi zimene zikuphimba zam'munsi, zikhale kaye mpaka September. Ndakanda khungwa ndi chikhadabo, jakaranda mkati mukadali mobiriwira, flamboyant imodzi yokha ndiye yauma mpaka pansi ndipo zandiwawa ndithu poti mkuluyu madzi othirira amachita kukatunga patali.

Tazika timitengo mozungulira nkumangirira udzu ndi masaka a hesiyani, pulasitiki ayi, ikagunda masamba amapsabe. Azivundukula dzuwa likatuluka, kuthirira kukhale kwa masana, dothi lachinyezi limasunga kutentha.

Azakhali atiphikira tiyi ndi mbatata. Tagwirizana kuti mvula ikayamba flamboyant yotsalayo tiisamutsire kumtunda pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, kudamboko tidzaike bottlebrush, mtengo wamaluwa ooneka ngati burashi yotsukira mabotolo, ija siiopa kwenikweni chisanu. Loweruka ndipita kunazale kukafunsa kuti mbande zake zili pa zingati.