Msambo ukaima chifukwa cha mankhwala a khansa

Mng'ono wanga ali ndi zaka 33, ndipo anamaliza kulandira mankhwala a khansa ya m'mawere chaka chatha. Ine ndinali gadiyani wake, moti ndinkakwera naye minibasi pa Kamuzu Road m'bandakucha kupita ku Lilongwe, kumene anthu ambiri a kuno ku Salima amatumizidwa akafunika mankhwala a m'dripi aja amene timangowatchula kuti kemo. Za kuthothoka kwa tsitsi, kusanza ndi kuda kwa zikhadabo, abale onse ankazidziwa ndipo ankamumvera chisoni poyera. Koma msambo wake utaima patangopita maulendo ochepa, nkhani imeneyi inangoyenda m'manong'onong'o, ndipo ndi imene inatsala pang'ono kugwedeza banja lake. Ndalemba izi iye atandilola, chifukwa tonse awiri tikuona kuti amayi ambiri akusenza okha nkhawa imene ikanapepuka akanamva zoona zake.

Kunyumba kunamveka maganizo osiyanasiyana. Ena ankati mwina ali ndi pakati, ena ankati magazi akuunjikana m'mimba ndipo pafunika mankhwala achikuda oti amutsuke, pamene kuchimuna anayamba kufunsa ngati mwana mmodzi amene ali nayeyo ndiye womaliza. Mawu akuti chumba sanatchulidwe pamaso pake, koma anamupeza ndithu.

Zimene zimachitika m'thupi ndi izi. Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira onse amene adzakhale nawo pa moyo wake, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, ndipo pofika nthawi yotha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000 kapena 400,000. Timatumba ta mazira tili ngati nkhokwe imene imadzazidwa kamodzi kokha, kenako n'kumangotapidwa popanda kukololanso. Kemo imapha maselo amene akuchulukana mofulumira, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka, ndipo imawononganso mazira amene akukhwima pamodzi ndi ena mwa amene ali m'nkhokwemo. Timatumba tomweti ndi timene timapanga mahomoni, makamaka estrogen, amene amauza chiberekero kuti chikonze khoma lake la m'kati mwezi uliwonse. Mahomoniwo akachepa, khomalo silikula, choncho sipakhala choti chituluke. Mfundo imeneyi ndimaibwereza kwa aliyense wondifunsa: palibe magazi amene akutsekeredwa m'mimba, ndipo kumwetsa munthu wa pa kemo mizu yoti imutsuke n'kulemetsa chiwindi ndi impso zimene zatopa kale ndi mankhwala.

Kaya msambo udzabwerera kapena ayi zimadalira kwambiri msinkhu wa mayi, mtundu wa mankhwala ndi kuchuluka kwake. Cyclophosphamide, amene kawirikawiri amaperekedwa pa khansa ya m'mawere limodzi ndi doxorubicin wofiira uja, ali m'gulu la mankhwala amene amawononga mazira kwambiri. Mayi wosakwana zaka 35 amakhala ndi mazira ambiri otsala, choncho nthawi zambiri amayambanso kusamba pakapita miyezi ingapo, chaka, mwinanso zaka ziwiri. Amene wadutsa zaka 40 nthawi zambiri amasiyiratu. Bungwe la World Health Organization limanena kuti amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55, koma amene analandira kemo, ngakhale msambo utabwerera, angathe kusiya msanga kuposa anzawo.

Chimene ndikufuna kuti amayi ndi amuna awo amvetse n'chakuti, pambuyo pa kemo, msambo si mboni yodalirika pa nkhani ya kubereka. Mayi angathe kukhala miyezi yambiri osasamba koma dzira n'kukhwima mosayembekezereka, iye n'kutenga pakati asanaone magazi ngakhale kamodzi. Wina angathe kumasamba mwezi ndi mwezi koma mazira atatsala ochepa kwambiri moti pakati n'kuvuta. Choncho amene akuthamangira kunena kuti mkazi sadzaberekanso akulakwa, ndipo amene akusiya kulera poganiza kuti palibe chingachitike akudziika pangozi. Kutenga pakati uli pa kemo kungavulaze mwana, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira. Mapiritsi a tamoxifen, amene ambiri a khansa ya m'mawere amamwa tsiku lililonse kwa zaka 5 mpaka 10, nawonso amasokoneza msambo, koma si njira yolera ndipo ndi oopsa kwa mwana wosabadwa.

Njira yolera imafunikanso kusankhidwa mosamala. Kuno amayi ambiri anazolowera jakisoni wa miyezi itatu, mapiritsi, kapena timitengo ta pamkono, koma zonsezi zili ndi mahomoni, ndipo sizilimbikitsidwa kwa mayi amene wadwala khansa ya m'mawere, chifukwa khansa zambiri za m'mawere zimakula ndi mahomoni. Lupu ya kopa ndi makondomu zilibe mahomoni, ndipo mng'ono wanga anasankha lupu. Ndi bwino kuti mayi akapita kolera anene poyera za matenda ake ndi kuonetsa buku lake la kuchipatala, chifukwa wopereka jakisoni sangalote kuti munthu amene wakhala pamzere anadwalapo khansa.

Chimene chinamuzunza kwambiri mng'ono wanga chinali kutentha kwa thupi. Kuno ku Salima mwezi wa Okutobala aliyense amachita thukuta, choncho poyamba palibe anadabwa. Koma ngakhale mu Juni, mphepo ya mwera ikuwomba kuchokera kunyanja, iye ankadzidzimuka pakati pa usiku nkhope ndi chifuwa zikutentha, n'kukankha bulangeti, kusintha chitenje chonyowa, ndipo patapita mphindi zochepa n'kuyamba kunjenjemera ndi kuzizira. Anakayezetsa malungo koma sanawapeze. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Achemwali, kodi ndakalamba ndili moyo wa utsikana?" Izi ndi zizindikiro zomwezo zimene amayi athu anakumana nazo posiya kusamba, kungoti kwa iwo zinabwera pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, pamene kemo imazigwetsa pa munthu nthawi imodzi. Pamabweranso kusowa tulo, kupsa mtima msanga, kuchepa kwa chilakolako, ndiponso kuuma kwa njira yoberekera kumene kumachititsa ululu pokhala malo amodzi ndi mwamuna. Vuto lomalizali amayi salitchula, ndipo mwamuna wosauzidwa amangoganiza kuti akukanidwa. Mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi amene amagulitsidwa m'mafamase amathandiza, pamene zitsamba zoika kumusi zimangowonjezera kuuma ndi zilonda.

Mafupa nawo amafooka estrogen akachepa msanga. Mwayi wathu a kunyanja ndi woti usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo mmenemo muli kashiamu amene mafupa amafuna. Masamba monga bonongwe ndi mpiru, mkaka ukapezeka, komanso kuyenda pansi tsiku ndi tsiku zimathandizanso. Mankhwala obwezeretsa mahomoni alipo, ndipo mayi amene anadwala khansa ya mtundu wina angathe kufunsa dokotala za iwo, koma pa khansa ya m'mawere nthawi zambiri saloledwa. Kutaya magazi ambiri uli pa kemo, kapena kuona magazi osadziwika bwino uli pa tamoxifen, ndi nkhani yopita nayo kuchipatala msanga.

Mphekesera za kunyumba zinachepa alamu anga atavomera kupita nafe kukaonana ndi dokotala. Anafunsa okha kuti, "Adokotala, kodi mayi a kunyumbawa adzaberekanso?" Anayankhidwa kuti pa msinkhu wawo mwayi ulipo, koma palibe angalonjeze, ndipo chofunika panopa n'kudikira. Mawu omwewo anakawafotokozera amalume athu ndi ankhoswe a kuchimuna. Ine ndikuona kuti kukambirana kotereku kumayenera kuchitika dripi yoyamba isanaikidwe, mwamuna ali pomwepo, chifukwa zina zoteteza mazira zimatheka nthawi imeneyo yokha. M'mayiko olemera amachotsa mazira n'kuwasunga mozizira kwambiri, zimene ambiri a ife sitingazifikire. Palinso jakisoni wa mwezi ndi mwezi wotchedwa goserelin amene amagoneka timatumba ta mazira pa nthawi ya kemo ndipo amachepetsa mwayi wosiyiratu kusamba, choncho mayi wofuna kudzaberekanso afunse ngati angamuyenere ndiponso ngati angapezeke. Abambo olandira kemo afunsenso, popeza mbewu yawo imakhudzidwa chimodzimodzi.

Panopa msambo wa mng'ono wanga wayamba kuoneka mwa apo ndi apo. Madokotala ambiri amalangiza kudikira pafupifupi zaka ziwiri pambuyo pa khansa ya m'mawere asanayesere pakati, chifukwa matendawa akamabwerera nthawi zambiri amatero m'zaka zoyambirira. Kafukufuku waonetsa kuti kubereka pambuyo pa chithandizo sikuchititsa kuti khansa ibwerere, ndiponso ana obadwa kwa amayi otere sakhala ndi zilema kuposa ana ena. Mu 2023 panatulukanso zotsatira zoonetsa kuti amayi amene anamwa mankhwala a mtundu wa tamoxifen kwa miyezi 18 mpaka 30, n'kupumira kwa nthawi yosapitirira zaka ziwiri kuti abereke, khansa sinawabwerere kuposa anzawo m'zaka zoyambirira zimene anawatsatira. Kupumira kotere kumakonzedwa ndi dokotala, mayi amadikira miyezi itatu kuti mankhwala achoke m'thupi asanayesere, ndipo akabereka amayambiranso kumwa. Mng'ono wanga ndi amuna ake agwirizana kuti akafunse za zimenezi pa tsiku lawo lotsatira la kuchipatala, ndipo pakadali pano akupitiriza kumwa mapiritsi ake osadumphitsa.